Malamulo Olembera Malangizo a Ntchito ndi Chichewa cha ku Dwambazi

Munthu akamalangiza mnzake pakamwa, wolangizidwayo ali ndi danga lofunsa pamene sanamvetse, ndipo wolangizayo amaona pankhope ngati mawu ake alowa kapena agwera pansi. Pepala lilibe danga lotere. Malangizo olembedwa pa paketi ya mankhwala, pa botolo la mankhwala a kumunda kapena m'kabuku ka injini ya boti amampeza munthu ali yekha, kawirikawiri ali pa changu kapena pa nkhawa, ndipo mlembi wake sakhalapo kuti awongole pamene pakhota. Akale anati safunsa anadya phula, koma wowerenga malangizo sangafunse angakhale atafuna. Chifukwa cha ichi katundu yense ali pa mlembi, ndipo alembi a mawa ndiwo ana amene lero akuphunzira chimangirizo m'sukulu za pulayimale.

M'maiko ena anthu anakonza malamulo oletsa mlembi wa malangizo kulemba monga afunira. Malamulowo amamsankhira mawu, amampimira utali wa chiganizo, ndipo amamuuza chimene chiyenera kutsogola. Nkhani ino isanthula malamulo amenewa ndi kuwayesa pa Chichewa monga chimawerengedwa ku Dwambazi, kumpoto kwa Dwangwa pa msewu wa M5, kufupi ndi malire a boma la Nkhotakota ndi la Nkhata Bay. Malowa ndi abwino kuyeserapo pa zifukwa ziwiri. Poyamba, anthu ake amakumana ndi malangizo masiku onse: asodzi a usipa ndi utaka ali ndi injini za maboti, alimi a chinangwa ndi mpunga ali ndi feteleza ndi mankhwala ophera tizilombo, amayi amabwera ndi mapaketi kuchokera kuchipatala, ndipo midzi ili ndi mijigo yofuna kukonzedwa. Kachiwiri, ana ambiri a kumeneko amalankhula Chitonga pakhomo. Mwana amene kwawo amati maji ndi somba amadzapeza madzi ndi nsomba m'buku la kusukulu, ndipo kwa iye Chichewa, chimene chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko m'chaka cha 1968, ndi chilankhulo chachiwiri. Malangizo omveka ku Dwambazi adzamveka ndi kwina komwe.

Kumene malamulowa anachokera

Woyamba kutchuka pa ntchito yochepetsa mawu a chilankhulo anali Mngelezi wina, C. K. Ogden, amene m'chaka cha 1930 anatulutsa chimene anachitcha Basic English. Iye anasankha mawu 850 okha, ndipo mwa amenewa aneni anali 18 basi. Maganizo ake anakopa anthu ambiri, koma anali ndi chilema chimodzi chachikulu. Pochepetsa mawu, Ogden anasenzetsa liwu lililonse katundu wochuluka, kotero kuti mneni mmodzi akaphatikana ndi timawu tina ankanena zinthu zambiri zosiyana. Mlendo wophunzira Chingerezi anapepukidwa pa kuchuluka kwa mawu, nalemedwa ndi kuchuluka kwa matanthauzo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kampani ya Caterpillar ya ku America, yopanga mathirakitala ndi makina okonzera misewu, inayesa njira yofanana nayo m'mabuku a amakanika ake a m'maiko akutali. Inaisiya m'chaka cha 1982, popeza makina anachuluka mitundu, mawu osankhidwawo sanakwanenso, ndipo kunali kovuta kukakamiza alembi onse kuwasunga.

Njira imene yakhalitsa inabadwira m'ntchito yokonza ndege. Makampani a ndege a ku Ulaya anaona kuti amisiri awo ambiri ankawerenga mabuku a Chingerezi chimene sichinali chilankhulo cha makolo awo, ndipo kuphonya liwu limodzi pokonza ndege kungathe kutayitsa miyoyo yambiri. Tsono bungwe la opanga ndege lotchedwa AECMA linakonza malamulo, ndipo buku loyamba linatuluka m'chaka cha 1986. Kuyambira 2005 bukuli limatchedwa ASD-STE100, kapena Simplified Technical English, ndipo linatulukanso kachisanu ndi chinayi mu Januwale 2025. Lili ndi zigawo ziwiri: malamulo 53 a kalembedwe, ndi mndandanda wa mawu ololedwa okwana ngati 900.

Akuluakulu mwa malamulowo ndi awa. Liwu limodzi likhale ndi tanthauzo limodzi, ndipo chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi kuyambira pachiyambi kufikira pamapeto. Chiganizo cholamula ntchito chisapitirire mawu 20, ndipo chofotokoza chisapitirire mawu 25. Chiganizo chimodzi chilamule ntchito imodzi. Ndime isapitirire ziganizo 6. Mlembi alamule mwachindunji, osabisa wochita ntchitoyo. Chenjezo liyambe ndi lamulo lomveka, ndipo linene choopsa chimene chingachitike. Apa bukuli linachita mwanzeru kuposa Ogden, pakuti linachepetsa matanthauzo pamodzi ndi mawu. Liwu la Chingerezi lakuti follow liloledwa kunena kubwera pambuyo basi, ndipo wofuna kunena kumvera lamulo ayenera kutenga liwu lina.

Malamulo amene akwanira m'Chichewa

Lamulo la liwu limodzi ndi tanthauzo limodzi ndilo lofunika koposa onse, ndipo Chichewa chilisowa kwambiri. Liwu lakuti mafuta limanena petulo, dizilo, palafini, oyilo wa injini, mafuta ophikira ndi mafuta odzola. Pokambirana pagombe palibe amene amasokonezeka, chifukwa chinthucho chili m'manja. Papepala n'kosiyana. Injini zambiri za maboti zosakaniza petulo ndi oyilo zimafuna gawo 1 la oyilo pa magawo 50 a petulo, ndiko kuti mamililita 400 a oyilo pa malita 20 a petulo, ndipo muyeso weniweni umakhala m'buku la injini iliyonse. Mlembi amene alemba kuti "sakanizani mafuta bwinobwino" sananene kanthu. Mnyamata akachepetsa oyilo injini imatentha ndi kuwonongeka, ndipo ikazima pakati pa nyanja mwera ukuwomba, chimene chili pangozi si injini yokha.

Chimodzimodzi liwu lakuti mankhwala. Limanena zochiza, zophera tizilombo m'chimanga, kolorini wothira m'madzi, ndiponso zitsamba za kwa sing'anga. M'nyumba imodzi mungakhale zonsezi pa alumali amodzi. Mlembi wosamala amatchula chinthucho ndi dzina lake nthawi iliyonse, angakhale kubwerezako kukhale kosakoma m'khutu. Liwu lina lonyenga ndi lakuti oyera. Kuyera ndiko kukhala ndi mtundu wa ufa, ndiko kusakhala ndi litsiro, ndiponso ndiko kupatulika. Madzi a m'nyanja ku Dwambazi amaoneka oyera ndithu, kotero kuti munthu amaona mchenga pansi, koma kuoneka kumeneko sikunena kuti alibe tizilombo. Malangizo oti "tengani madzi oyera" amalola mayi kutunga kunyanja ndi mtima wokhazikika. Oti "tengani madzi owiritsa" kapena "madzi othira kolorini" amatseka khomo limenelo.

Mayina a zoyezera nawonso afuna lamuloli. Ndowa, chidebe, chigubu ndi mtsuko si zinthu za msinkhu umodzi, ndipo ngakhale ndowa zokhazokha zimasiyana. Kapu ya m'nyumba ina ndi theka la kapu ya m'nyumba ina. Mlembi atchule malita, kenaka atchule chotengera chodziwika chimene chimakwana malitawo, ndipo akachitcha chigubu pamzere woyamba asachitche chidebe pamzere wachitatu. Mapanga awiri avumbwitsa: wowerenga akaona mayina awiri amaganiza kuti pali zinthu ziwiri.

Buku la STE limalola mlembi kutchula zida ndi ziwalo za makina ndi mayina awo a kuntchito, angakhale sali pa mndandanda. Chilolezo chimenechi n'chanzeru, ndipo chiyenera kukumbukiridwa ndi iwo amene amakonda kupeka mawu atsopano poopa mawu obwereka. Mjigo wa Afridev, umene unachokera ku mjigo wa Maldev woyesedwa m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anaupanga kuti anthu a m'mudzi aziukonza okha. Anthu amenewa amadziwa sipanala, mabawuti ndi mapaipi. Mlembi akawalembera kuti "chomasulira" m'malo mwa sipanala wayeretsa chilankhulo koma wadetsa ntchito, pakuti zomasulira zilipo zamitundumitundu.

Lamulo la kulamula mwachindunji limakumana ndi chopinga cha ulemu. Alembi ambiri amaopa kuti kulamula munthu wamkulu n'chipongwe, motero amalemba kuti "ndi bwino kuti madzi awiritsidwe" kapena "mungathe kumanga mabawuti". Chiganizo choyamba sichinena wowiritsa, ndipo chimamveka ngati uphungu woti munthu angautenge kapena kuusiya. Chachiwiri chimapereka chilolezo pamene panafunika lamulo. Mantha amenewa alibe maziko, pakuti Chichewa chinaika kale ulemu m'kanenedwe kolamula. Wonena kuti "wiritsani" kapena "mangani" walemekeza kale ndi -ni wa kumapetoyo, ndipo palibe mfumu kapena gogo amene angakhumudwe naye.

Pamene malamulowa aperewera

Chinkana malamulowa ali ndi zabwino zotere, sangasamutsidwe onse monga alili, chifukwa anasokedwa pa thupi la Chingerezi. Choyamba kuperewera ndi kuwerenga mawu. Chichewa chimalumikiza mwininkhani, nthawi, pamtherankhani ndi tsinde la mneni m'liwu limodzi, kotero kuti liwu lakuti "musanaitsegule" limanena zimene Mngelezi amanena ndi mawu anayi. Malire a mawu 20 amene amamanga mlembi wa Chingerezi amamsiya mlembi wa Chichewa ali womasuka kuunjika ntchito zambiri m'chiganizo chimodzi osaswa lamulo. Choyenera kuwerengedwa m'Chichewa ndi aneni. Chiganizo cholamula chikhale ndi mneni wolamula mmodzi, ndipo timawu tolumikiza ntchito monga n'ku-, kenaka ndi -ka- tichepe, ngakhale kuti ndito timakometsa nthano.

Chachiwiri ndi kakanidwe. Chingerezi chimakana ndi liwu loima palokha, limene diso limaliona msanga. Chichewa chimabisa kukana m'kati mwa mneni. Pakati pa "muthire" ndi "musathire" pali phatikizo limodzi lokha, ndipo pakati pa "musathire" ndi "musanathire" palinso limodzi lokha, pamene matanthauzo ake atalikirana kwambiri: loyamba liletsa kuthira, lachiwiri liyembekeza kuti munthu athira. Pepala likanyowa m'bwato kapena likafufuka ndi dzuwa, ndipo munthu akuliwerenga pa nyali usiku, phatikizo lotere limatayika mosavuta. Buku la STE silinena kanthu za ngozi imeneyi chifukwa Chingerezi chilibe. Mlembi wa Chichewa adziikire lamulo lake: choletsa chiime pamzere wakewake, chitsogozedwe ndi liwu lakuti CHENJEZO, ndipo chitsatidwe ndi chifukwa chake, kuti wophonya phatikizo awongoledwe ndi chiganizo chotsatira. Mawu oyamba ndi musana- apewedwe poika ntchito iliyonse pamalo pake, yoyamba poyamba.

Chachitatu ndi agwirizanitsi. Pano Chichewa chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe. Wolemba kuti "Tsukani ndowa ndi chivundikiro. Chiumitseni padzuwa" wanena momveka kuti choumitsidwa ndi chivundikiro, popeza chi- sangaloze ndowa. Koma mwayiwu umatha mayina awiri akakhala a gulu limodzi. Wolemba kuti "Tengani ndowa ndi mbale. Itsukeni ndi sopo" wasiya wowerenga pamphambano. Lamulo lake n'lakuti mayina awiri a gulu limodzi akayandikana, dzina libwerezedwe lonse.

Chachinayi ndi manambala. Kuwerenga kwa Chichewa kumatalika kuyambira pa 6, ndipo wowerenga mofulumira akaona "maola asanu ndi atatu" angathe kuimira pa "asanu". Izi si zazing'ono, pakuti mankhwala a malungo a LA, amene anayamba kuperekedwa m'zipatala za m'Malawi m'chaka cha 2007, amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ndipo ulendo wachiwiri umabwera patapita maola 8 chimwereni koyamba. M'malangizo nambala ilembedwe ndi chizindikiro chake. Mawu onga "pang'ono", "ochuluka" ndi "kwa kanthawi" asiyidwe paliponse pamene muyeso ulipo.

Chachisanu ndi kukweza ndi kutsitsa kwa mawu, kumene kumamveka polankhula koma sikulembedwa. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimalembedwa mofanana, chimodzimodzi khungu la pathupi ndi khungu la maso. Mlembi aonjezere liwu lomasulira kapena asankhe liwu lina.

Mwina wina angayembekeze kuti mtanthauziramawu athetsa zonsezi. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe m'zaka za 1973, 1980 ndi 1990, ndipo Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inalowa m'malo mwake mu 1996, inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000. Ntchito zimenezi n'zamtengo wapatali, koma cholinga chake n'china. Mtanthauziramawu amasonkhanitsa matanthauzo onse a liwu, pamene mndandanda wa mawu a malangizo umasankha limodzi ndi kutsekera ena kunja.

Chitsanzo chimodzi

Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja, Nkhotakota ndi Nkhata Bay omwe, sanasiyidwe. Pa matenda otsegula m'mimba chothandiza choyamba ndi madzi a ORS, ndipo kasakanizidwe kake ndi malangizo a ntchito enieni. Wophunzira wozolowera chimangirizo angalembe motere:

"Mukatunga madzi muwawiritse n'kuwasiya azizire, kenaka muthiremo mankhwala n'kutakasa, musanammwetse mwana musambe m'manja."

Chiganizochi chili ndi mawu 13 okha, motero chipambana mayeso a mawu 20. Komabe chasenza ntchito 7, sichinena kuchuluka kwa madzi, sichitchula mankhwalawo dzina, ndipo kusamba m'manja, kumene kuyenera kutsogola, kwaikidwa kumapeto. Cholembedwa motsata malamulo oyenera Chichewa chingaoneke chotere:

Sambani m'manja ndi sopo.
Wiritsani madzi.
Dikirani kuti madziwo azizire.
CHENJEZO: Musachepetse madzi. Madzi akachepa mchere umachuluka, ndipo umavulaza mwana.
Yezani lita 1 ya madziwo. Mabotolo 2 a mamililita 500 ndiwo lita 1.
Thirani paketi 1 yonse ya ORS m'madziwo.
Takasani mpaka ufa wonse usungunuke.
Mwetsani mwana ndi kapu yotsuka kapena supuni yotsuka.
Tayani madzi a ORS otsala pakapita maola 24.

Cholembedwa chachiwirichi n'chachitali kuposa choyamba, ndipo chilibe kukoma kulikonse. Liwu lakuti madzi labwerezedwa kambirimbiri. Koma mayi angathe kuika chala pamzere umodzi, kuchita ntchitoyo, ndi kubwerera pamene anasiyira. Apa pakuoneka kuti kufupika ndi kumveka ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ntchito ya mphunzitsi

Chovuta cha mphunzitsi n'chakuti zonse zimene amayamikira m'chimangirizo ndizo zimene malangizo amakana. M'chimangirizo mwana amapatsidwa malikisi posintha mawu kuti asabwereze, pothira miyambi ndi zining'a, ndi polumikiza ziganizo kuti nkhani iyende ngati madzi. Mwana woleredwa motero akadzakhala mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo amalemba malangizo ndi dzanja lomwelo, ndipo sadziwa kuti walakwa, pakuti ndi zomwe anamuyamikira nazo kusukulu. Nkofunika tsono kuti mphunzitsi aphunzitse mitundu iwiri ya kalembedwe, nauze ana poyera kuti uwu ndi wokometsa ndipo uwu ndi wogwirira ntchito.

Phunziro lotere silifuna mabuku ogula. Ana a m'makalasi apamwamba angalembe malangizo a ntchito zimene amaziona pakhomo: kuviika chinangwa chowawa kuti chikhale cha kondowole, kuyanika usipa pathandala, kapena kubzala chimanga mbewu 1 paphando, mapando atatalikirana masentimita 25 pa mizere yotalikirana masentimita 75. Kalasi lingakonzenso mndandanda wakewake wa mawu, pogwirizana kuti pa ntchito yakutiyakuti chinthu ichi chidzatchedwa dzina ili lokha. Ku Dwambazi mndandandawo ungakhale ndi mzere wachiwiri wa Chitonga, ndipo pamenepo mwana wa Chitonga amasanduka mphunzitsi wa anzake, chifukwa ndiye amayamba kuona liwu la Chichewa limene silimveka.

Kuyesa malangizo kwenikweni sikuchitika ndi cholembera chofiira. Mwana mmodzi alembe, mnzake achite zimene zalembedwazo pamaso pa kalasi, ndipo wolembayo akhale chete ngakhale aone mnzake akusokera. Pamene wochitayo waima kapena wachita china, pamenepo ndiye pali cholakwa, ndipo cholakwacho ndi cha pepala. Malamulo okha sangalowe m'malo mwa mayeso amenewa, pakuti munthu angasunge malamulo onse 53 n'kuiwalabe sitepe imodzi ya ntchito.

Potsiriza, malamulowa akhale m'malire awo. Chilankhulo chimene chinabala Nthondo wa S. Y. Nthara, nthano za pamoto ndi nyimbo za asodzi sichiyenera kupimidwa ndi muyeso wa kabuku ka injini, ndipo mphunzitsi amene angaletse miyambi m'chimangirizo chifukwa cha malamulowa waononga kumene anayenera kumanga. Koma pamene pepala likuuza munthu muyeso wa oyilo, maola a mankhwala kapena malita a madzi, mlembi aike luso lake lonse pa chinthu chimodzi, ndicho chakuti wowerenga wa chilankhulo china, wotopa, wowerenga pa kuwala kochepa, achite ntchitoyo molondola ulendo woyamba. Mphunzitsi amene aphunzitsa ana ake kusiyanitsa kalembedwe kawiri kameneka adzakhala atatumikira chilankhulo ndi mudzi pamodzi.